Liwu Limene Ndinaphunzitsa a Sisitala Verna

Kuchokera ku Rotherham kukafika ku Liverpool pa galimoto ndi maola awiri, msewu ukakhala bwino. Ife tinanyamuka eiti koloko m'mawa, tinakafika folo itadutsa. Anthu akutchalitchi akandifunsa ndimangoti galimoto inatifera pa phiri, ndipo sindinama. Kungoti nkhaniyo sindiimaliza.

Dzina langa ndine Esnart, ndimagwira ntchito ya unamwino. Nditangofika kuno ku Rotherham zaka zoposa makumi awiri zapitazo, wamkulu wa wodi imene anandiika anali a Sisitala Verna, mayi wa ku Jamaica, wamtali, wosaseka wamba. Ndi iwo anandiphunzitsa kuyankha dokotala ndikumuyang'ana m'maso. Ndi iwo anandigulira chijasi choyamba, ataona kuti mu Novembala ndikubwera kuntchito nditangovala majuzi awiri. Nditabereka Tadala, amayi anga ali kutali ku Nkhotakota, amene ankabwera kudzamusambitsa sabata yoyamba ija ndi iwo. Pano anapuma ntchito kalekale, ali ndi zaka 81, amayenda ndi ndodo.

A Sisitala ali ndi mdzukulu, Leon, amene amaphunzitsa ana kuimba ng'oma m'masukulu a ku Manchester. Tadala atapita ku yunivesite ku Salford awiriwa anayamba kuonana, mpaka chinakhala chibwenzi chodziwika.

Loweruka lina mu Juni ndinali kukhitchini, ndikucheza pa foni ndi achemwali anga akumudzi. Anandifunsa kuti mnyamata wa Tadalayo ndi wakuti, mfunda wake ndani. Ndinaseka, n'kunena kuti mfunda angautenge kuti, ndi aja makolo awo anapakiridwa m'sitima aja, mwana wa akapolo. Achemwali nawo anaseka. Nditatembenuka ndinaona Tadala ali pakhomo, atanyamula basiketi ya zochapa. Mwanayu Chichewa amamva chonse, kungoti amayankha m'Chingerezi. Tsikulo sanayankhe m'chinenero chilichonse. Anaika basiketiyo pansi, analongedza chikwama, n'kubwerera ku Salford. Miyezi iwiri inatha ndikumutumizira mauthenga, iye akuyankha liwu limodzi kapena awiri.

Chaka chilichonse mu Ogasiti a Sisitala amapita ku Liverpool, kumene anthu akuda amasonkhana kukumbukira makolo awo amene anagulitsidwa, ndi kukondwerera kutha kwa ukapolo. Amaguba ndi ng'oma kudutsa m'tauni mpaka kudoko kumene kunkanyamukira sitima za malondawo. Akafika amathira chakumwa polemekeza akufa, amaponya maluwa m'madzi, kenako pamakhala magule ndi zakudya. Kale ankapita okha pa sitima ya pamtunda, koma chaka chimenecho bondo linali litakana. Anandiimbira foni kundipempha kuti ndiwaperekeze pa galimoto, tikamutenge Tadala ku Salford, ndipo Leon tikamupeza komweko ndi anzake a ng'oma. Anawonjezera kuti akufuna ndikalankhule mawu pang'ono pamadzipo m'chinenero changa, chifukwa iwo chinenero cha ku Africa alibe. Ndinavomera msangamsanga, poti ndinkafuna kuona mwana wanga. Koma usiku wonse wotsatira ndinkadzifunsa ngati Tadala anawauza, ndipo ngati ulendowu unali njira yawo yondiitanira ku mlandu.

Ndinawapeza atakonzeka kale, atakhala pa mpando pafupi ndi chitseko, atavala diresi yoyera ndi chipewa choyera. Pamiyendo anali ndi maluwa a m'dimba mwawo, atawakulunga m'nyuzipepala yonyowa. M'chikwama munali kabotolo ka mowa wa kwawo kokathira pamadzi, mapiritsi awo, ndi buledi wa kokonati amene anaphika dzulo lake. Anandidzudzula kuti ndachedwa ndi mphindi khumi, monga ankachitira kuwodi, ndipo mtima wanga unakhala pansi pang'ono.

Tinadzera msewu waukulu wopita kumpoto, kenako tinakhotera kumadzulo, kudutsa Stocksbridge, n'kuyamba kukwera mapiri a Woodhead, kumene kulibe nyumba, kuli nkhosa ndi malole okhaokha. Abambo ake a Tadala anali atandiuza kawiri konse kuti galimotoyo ikutentha, ipite kwa makaniko. Ine ndinangothiramo madzi m'mawa womwewo n'kunena kuti tidzaona tikabwerako. Pokwera phirilo ndinkaona kamuvi ka kutentha kakuyandikira kofiira, koma ndinangokhala chete, ndikupemphera chamumtima kuti tifike pamwamba. Pamwamba tinafikadi. Titangoyamba kutsetserekera ku madamu, nthunzi inatuluka kutsogolo ngati ketulo, galimoto inanjenjemera, ndipo ndinangokwanitsa kuilowetsa pa kamalo koimapo malole. Inali naini koloko.

Netiweki pamenepo inali yochita kusakasaka. Ndinakwera pa kampanda ka miyala, foni m'mwamba, mpaka ndinapeza a kampani yokoka magalimoto. Anati afika pakatha ola limodzi. Ndinatumiza uthenga kwa Tadala, anayankha kuti wamva.

Ola limodzi lija linatha. A Sisitala amamwa mapiritsi okodzetsa, ndiye nthawi inakwana yoti sakanathanso kupirira. Chimbudzi panalibe, thengo lobisala panalibenso, udzu wokhawokha wofika m'akakolo. Ndinatenga chitenje chimene chimakhala m'buti, ndinawagwira dzanja kuwatsitsira kuseri kwa mpanda, n'kutambasula chitenjecho kuwatchinga, mphepo ikufuna kundilanda, malole akudutsa, nkhosa ziwiri zikutiyang'ana. Atamaliza anaseka mpaka misozi. Anati zaka makumi anayi akhala akukokera anthu makatani kuwodi, lero katani yawafika iwo, pa phiri. Nanenso ndinaseka. Tinakhala pa mpandapo, ndinawafunditsa chitenje chija chifukwa kunkazizira ngakhale unali Ogasiti, ndipo ananyema buledi tinadya.

Apa ndi pamene anayamba kukamba za ana aja. Anati Leon sanakhalepo wodekha chonchi, ndipo Tadala ndi mwana woleredwa bwino, akabwera kwawo amatsuka mbale asanauzidwe. Anati iwo agogo awo aakazi amawadziwa dzina, amayi a agogowo amawadziwa dzina, koma kupitirira apo kuli zii, ngati msewu wothera m'madzi. Ndiye akaona mdzukulu wawo akuyenda ndi mwana amene amadziwa mudzi wake, mtima wawo umati mwina magazi awo apeza njira yobwerera. Pomwepo ndinadziwa kuti Tadala sanawauze kanthu.

Kenako anandigwira bondo. "Undiphunzitse liwu limodzi lokha la kwanu, ndikalinene ndekha pamadzi paja."

Ndikanatha kunena kuti makolo. Ndikanatha kunena kuti ufulu. Mawuwo anali pafupi, ndipo ulendo ukanapitirira bwinobwino. Koma buledi wawo anali m'kamwa mwanga, ndipo anakana kutsika. Ndinawauza za Loweruka lija, za foni, za kuseka kwanga, za basiketi imene Tadala anaika pansi. Ndinkalankhula ndikuyang'ana nsapato zanga.

Sanachotse dzanja msanga. Analichotsa pang'onopang'ono, n'kuliika pa maluwa. Kenako anandifunsa kuti m'chinenero changa ndinanena liwu lanji. Ndinati tanthauzo lake ndi lomwe ndawauzalo. Anati sanafunse tanthauzo.

"Kapolo," ndinatero.

"Kapolo," anabwereza, momveka bwino, ngati munthu wobadwira kwathu. "Zaka 81 ndadikira liwu langa loyamba la ku Africa."

Anandifunsa kumene ndinalitenga. Ndinawauza zoona. Kumudzi kwathu kuli mabanja awiri atatu amene aliyense amadziwa kuti makolo awo anabwera atamangidwa, n'kutsalira pamudzipo ulendo wa kunyanja ya mchere utawasiya. Timapemphera nawo tchalitchi chimodzi, timatunga pa mjigo umodzi, koma kumanda ali ndi mbali yawo. Mchimwene wanga atafuna kukwatira mtsikana wa kumeneko, abale anakhala pansi, ukwati unatha usanayambe. Ndipo m'nyumba mwa abambo anga muli mfuti yakale ya gogodera imene amaonetsa alendo monyadira, imene agogo a agogo athu analandira kwa Aluya, pamodzi ndi nsalu ndi mikanda. Palibe amene amanena chimene anapereka kuti ailandire, koma palibenso amene sadziwa.

Nditafika apa ndinayesa kudzipeputsira mlandu. Ndinati komabe anthu a kwathu sankapita ku Jamaica, ankatengedwa kupita kum'mawa, ku Zanzibar ndi kwina.

"Ndiye opita kum'mawawo analibe amayi awo?" anandifunsa.

Tinakhala pa mpandapo mphindi zina makumi anayi osalankhulana, iwo atavula chitenje chija n'kuchipinda bwinobwino pakati pathu.

Galimoto yokoka inafika hafu pasiti leveni. Woyendetsa anali mzungu wonenepa wa ku Barnsley, wansangala, wosatseka pakamwa. Anakweza galimoto yanga kumbuyo, anawathandiza a Sisitala kukwera masitepe aatali aja, ndipo tinapanikizana atatu kutsogolo, phewa langa likukhudza lawo pa khona iliyonse. Anatiuza za bondo la akazi ake, za mtengo wa dizilo, za mmene msewuwu umatsekekera chipale chikagwa. Atayang'ana diresi yoyera ndi maluwa anafunsa ngati tikupita ku ukwati, kenako anandiyamikira kuti masiku ano ana osamala amayi awo chonchi ndi ochepa.

"Si mwana wanga," anatero a Sisitala. "Tinkagwira ntchito limodzi."

Bamboyo anati pepani, n'kupitiriza za dizilo. Ku Hollingworth ndi ku Mottram magalimoto anali atathinana monga mwa masiku onse, tinkayenda ngati tikuperekeza maliro. Tinakafika ku galaja ina ku Hyde itangodutsa thwelofu, nthawi imene ku Liverpool ng'oma zinali zikuyamba kuguba. Makaniko anatsegula kutsogolo, ananunkhiza, n'kundifunsa kuti ndayenda nayo nthawi yaitali bwanji ikutentha. Ndinati pang'ono. Anandiyang'ana mmene ine ndimayang'anira wodwala shuga akamandiuza kuti sadya zotsekemera. Anati injini yapsa, lero siyenda, mawa siyenda.

Nditatuluka mu ofesi ndinapeza a Sisitala atayamba kale kuyenda kulowera kokwerera basi, ndodo dzanja lina, maluwa dzanja lina, chikwama chikulendewera pa chigongono. Nditawapeza anandiuza kuti iwo akupitirira, ine ndibwerere kwathu ndikapume. Sindinatsutse ndipo sindinabwerere. Ndinangogwira lamba wa chikwama chija. Anachikoka kamodzi, kenako anachisiya chifukwa chinkalemera, koma maluwa sanandipatse.

Basi ya ku Manchester inabwera patatha kotala la ola. Iwo anangogunditsa khadi lawo la okalamba, ine ndinalipira mapaundi awiri. Anakhala mpando wa kutsogolo wa anthu ovutika kuyenda, ine ndinakhala mizere itatu kumbuyo kwawo. Basiyo inkaima paliponse, ku Denton, ku Gorton, amayi a ngolo za ana akukwera ndi kutsika. Ndinaimbira abambo a Tadala kuwauza za galimoto. Sanakalipe, anangoti ndinanena, zimene zinandiwawa kuposa kukalipa.

Nditadula foni, bambo wina wa mpando wa pambali anandipatsa moni m'Chinyanja. Anali wa ku Chipata, atavala yunifolomu ya osamalira okalamba, akuchokera kuntchito. Anakondwa kumva chinenero cha kwawo, anandifunsa za kumudzi, za tchalitchi chimene ndimapita. Atafunsa kumene ndikupita ndinamufotokozera mwachidule. Anaseka, n'kunena kuti anzathu a ku Jamaica aja nkhani ya ukapolo saitaya, chaka ndi chaka ukapolo, ukapolo, pomwe ife sitinagwidwe ndi munthu. Ankalankhula mokweza monga timachitira tikaganiza kuti palibe akutimva. Ndinaona chipewa choyera chija chikutembenuka pang'onopang'ono. M'Chinyanja chonse chija a Sisitala anali atamva liwu limodzi limene ankalidziwa. Anayang'ana bamboyo, anayang'ana ine, n'kutembenukanso. Ndinamuuza bamboyo chapansipansi kuti mayi ali kutsogolowo ndi amene ndikuwaperekeza, ndipo kuti kwathu anthu anagwidwa, ogwirawo tinali ife tomwe. Anati sanali kutanthauza zoipa. Ndinati ndikudziwa, nanenso ndinkatero. Anatsika pa siteji yotsatira, kaya inali yake kaya ayi.

Kuchokera potsikira basi kukafika pa depoti ya makochi, mabasi a maulendo aatali aja, ndi mtunda waufupi, koma ndi bondo lija tinayenda mphindi makumi awiri. Tadala anali atabwera kuchokera ku Salford, ataima pakhomo, naye atavala zoyera. Anathamangira a Sisitala, anawakumbatira, anawalandira maluwa, ndipo iwo anamupatsa. Ine anandipatsa moni wa pakamwa. Kochi ya ku Liverpool inali itangonyamuka, yotsatira inali yodzaza, ndiye tinagula matikiti a ya thu koloko itadutsa. Nditatulutsa khadi kuti ndilipire onse atatu, a Sisitala anaika ndalama zawo pa kauntala osandiyang'ana.

Tinadikira theka la ola pa mabenchi achitsulo, nkhunda zikuyendayenda pakati pa miyendo ya anthu. A Sisitala atalowa kuchimbudzi, Tadala anandifunsa kuti chachitika n'chiyani, poti nkhope zathu zinali zitanena kale. Ndinamuuza kuti ndaulula. Ndikuganiza kuti mumtima ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analankhula m'Chingerezi chake chija, motsitsa mawu.

"Mami, miyezi iwiri ndakhala nditazisenza ndekha kuti zisawafike. Inu mwakawatula lero? Pa tsiku limodzi lokha limene amalidikira chaka chonse?"

Pa phiri paja ndinkaona ngati ndikuchita chinthu cholimba mtima. Pa benchi paja ndinaona kuti ndinangotula katundu wanga pa mutu wa nkhalamba yoyenda ndi ndodo.

M'kochi awiriwo anakhala limodzi kutsogolo. Mpando wanga unali kumapeto, pafupi ndi chimbudzi, pakati pa atsikana asanu opita kukasangalala ndi mnzawo amene ankakwatiwa sabata yotsatira. Anali atavala zapinki, akumwa zam'zitini, akuimba. Mmodzi anandipatsa chitini, n'kundiuza kuti ndisekeko, palibe wamwalira. Ndinakana mwaulemu. Kochi itagwira mabuleki, chakumwa chake chinandithira pa siketi, anapepesa kasanu, akundipukuta ndi tishu, ndipo ndinakafika ku Liverpool ndikununkha mowa wa zipatso. Tinadutsa Salford, ndinaona nyumba yaitali imene Tadala amakhala, imene mwezi wonse wa Julayi ndinkafuna kupitako koma ndinkaopa kuti sanditsegulira. Chakufupi ndi Warrington ankakonza msewu, tinaima theka la ola. Kuchokera kumbuyoko ndinkaona Tadala akuthira madzi a m'botolo pa nyuzipepala ya maluwa ija, ndi chipewa choyera chitatsamira pa phewa lake.

Ku Liverpool tinatenga takisi mpaka kudoko. Mwambo unali utatha kalekale. Maluwa a anthu ena anali akuyandama m'mphepete mwa khoma, mipando akuisanjikiza. Chapatali ng'oma zinali zikulirabe, kukununkhira nkhuku yowotcha, ana akuthamanga ndi timbendera ta maiko osiyanasiyana. Amayi awiri achikulire ovala zoyera anawaona a Sisitala, anabwera akukuwa kuti anali kuti, anawasungira mpando kutsogolo mpaka mapeto, aka n'koyamba kuti asowe. Ndinadikira kuti anene. Anangoti galimoto inafa pa phiri, ndipo ine ndi amene ndawafikitsa. Amayiwo anandigwira manja kundithokoza. Ndikanakonda akanandimenya.

Amayi aja atapita, a Sisitala anayenda mpaka pa chitsulo chotchinga madzi. Anatulutsa kabotolo kaja, n'kundiuza osatembenuka kuti ndinalonjeza kulankhula, ndilankhule. Ndinati a Sisitala, ine si woyenera. Anati sanafunse ngati ndili woyenera.

Ndinagwira chitsulocho. Mawu amene ndinakonza kunyumba, a ufulu ndi umodzi wa anthu akuda, sanabwere. Ndinalankhula amene anabwera.

"Inu amene munawoloka madzi awa, ndi inu amene munayenda m'magoli kupita kum'mawa, ine ndine mdzukulu wa amene ankakugulitsani. Mfuti imene analandira tikuisungabe. Mayina anu sitikuwadziwa chifukwa sitinafunse. Ndipo chaka chino ndatukwana mwana wanu, ndikuseka."

A Sisitala anafunsa Tadala kuti ndanena chiyani. Tadala anamasulira zonse, osachotsa, osakometsa. A Sisitala anagwedeza mutu kamodzi. Anathira mowa uja m'madzi pang'onopang'ono, anatchula dzina la amayi awo, la agogo awo, la amayi a agogowo, n'kuima pamene mayina anathera. Anagawa maluwa pawiri, theka anapatsa Tadala, ndipo anaponya awiriwo. Ine ndinayamba kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, mapewa akugwedezeka.

"Usalire pano," anatero a Sisitala. "Anthu ayamba kutonthoza iwe."

Ndinameza misoziyo.

Leon anatipeza pomwepo, thukuta lili kamukamu, ng'oma ili kumsana. Anawakumbatira agogo ake, kenako anabwera kwa ine, anandipatsa dzanja atagwira chigongono ndi dzanja linalo, n'kunena m'Chichewa chophunzira kuti muli bwanji amayi. Ndinayankha kuti ndili bwino. Anandithokoza kuti sindinawasiye agogo ake panjira, ndipo anati tisavutike ndi makochi, atiperekeza mpaka ku Rotherham pa vani ya gulu lawo. Atapita kukaitenga, a Sisitala anandiuza kuti Lamulungu ndikachoka kutchalitchi ndipite kwawo, Leon adzakhalako, ndidzamuuze ndekha. Iwo sanena, Tadala sanena. Pobwerera ndinakhala kumbuyo pakati pa ng'oma, mnyamatayo akundifunsa pagalasi ngati ndakhala bwino, ngati sindikuzizidwa.

Lamulungu ndinapita. A Sisitala anakhala pa mpando wawo wa pawindo, Tadala anaima pakhomo la kukhitchini, ndipo ndinamuuza Leon zonse, kuyambira pa foni mpaka pa mfuti ndi manda. Anamvetsera osandidula, akuzunguza kapu ya tiyi pa tebulo. Nditamaliza ndinapepesa. Anati wamva, ndipo liwulo si koyamba kulimva, kungoti sanayembekeze kuti lichokera m'nyumba imene ankadyamo. Kenako anafunsa ngati mabanja a kumudzi aja alipobe. Ndinati alipo. Anafunsa ngati akuikidwabe kumbali yawo. Ndinati eya.

"Kwa ine n'kosavuta kupepesa, ndili pafupi," anatero. "Kwa iwowo munapitako?"

Sindinapiteko. Tikiti ya Disembala ndagula, ndipo achemwali anga ndawauza chimene ndikubwerera, sakundiyankha. Nyumba ya mtsikana amene mchimwene wanga analetsedwa kukwatira ndi yachitatu kuchokera pa mjigo. Pano ali ndi adzukulu. Zaka zonse zimene ndinakulira pamudzipo ndinkadutsa pakhomo pake kawiri pa tsiku, chidebe pamutu, ndipo mkati mwake sindidziwa mmene mulili.